Waya Nayenso Amadya

M'midzi yambiri ya kwa Nthache kuno, magetsi amene tinawazolowera si a pamapolo ayi. Ndi kasola padenga, batire limodzi pakona ya chipinda, ndi mawaya awiri, wofiira ndi wakuda, okwawa m'mbali mwa khoma mpaka kukafika pa babu. Amenewa ndi magetsi a mavolti 12. Ngakhale mwana atha kugwira mitu yonse iwiri ya batire osamva kanthu, n'chifukwa chake timawatenga ngati ofatsa, osafuna kuwaganizira kwambiri. Koma ine ndikamawalingalira ndimaona kuti magetsi ofatsawa ndi amene amafuna masamu kuposa a m'nyumba za ku Blantyre, chonsecho ife eni ake ndi amene sitiwerengera.

Masamu ake si ambiri. Mavolti amatiuza mmene magetsi akukankhidwira. Maampu amatiuza kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda m'waya pa nthawiyo. Ndiye pali kukana kwa chinthu chimene magetsiwo akudutsamo, chifukwa palibe chinthu chimene chimangowalola kudutsa chabe, ndipo kukana kumeneku amakuyeza m'ma ohm. Ukatenga mavolti n'kuwagawa ndi maampu, upeza ma ohm. Ukachulukitsa mavolti ndi maampu, upeza mawati, ndiye kuti mphamvu imene chinthucho chikudya. Kanema wamng'ono wa sola akalembedwa kumbuyo kuti mawati 24, ndiye kuti pa mavolti 12 akukoka maampu 2, ndipo batire likumuona ngati chinthu cha ma ohm 6. Babu ya LED ya mawati 3 imakoka maampu 0.25 okha. Munthu wodziwa kuwerengera ndalama za madengu a manachesi sangalephere zimenezi.

Ambirife tinakumana nazo ku sekondale. Aphunzitsi ankajambula kathirayango pabolodi, V pamwamba, I ndi R pansi, n'kutiuza kuti tizitseka ndi chala chilembo chimene tikuchifuna. Tinaloweza kuti tikhoze mayeso a MANEB. M'sukulu zambiri zoyendera munalibe ngakhale batire ndi babu zoti mwana aone kuti zilembozo zikunena za chinthu chogwirika. Aphunzitsiwo sindikuwaimba mlandu, ankaphunzitsa ndi choko poti n'chimene anali nacho. Chimandimvetsa chisoni n'chakuti ana omwe aja lero ndi abambo ndi amayi a mabanja, mabatire ali m'nyumba zawo, koma palibe anawauza kuti kathirayango kaja kanawatsatira mpaka pakhomo.

Mwini wake wa lamulo la m'kathirayangoka, Georg Ohm, nayenso anali mphunzitsi, mumzinda wa Cologne ku Germany. Bambo ake anali mmisiri wa maloko. Iye anatenga mawaya aatali ndi aafupi, onenepa ndi oonda, n'kumayeza mmene magetsi akuyendera m'waya aliyense. Buku lake linatuluka mu 1827, akuluakulu a maphunziro kwawoko osalilabadira poyamba, mpaka mu 1841 pamene bungwe la Royal Society la ku London linamupatsa mendulo ya Copley. Pa mbiri yonseyi chimene chimandigwira mtima n'chakuti bamboyu maso ake anali pa waya. Ife waya timamuyesa njira chabe, chinthu chongolumikiza batire ndi babu. Timafunsa kukula kwa sola, timafunsa kukula kwa batire, koma waya timangoti, "Mundipatse wotchipayo, mamita makumi atatu."

Mwana wa mlongo wanga ali ndi kanyumba kometera anthu m'mbali mwa msewu, ndipo amatchajiramonso mafoni. Batire amalisunga m'nyumba yogona poopa akuba, ndiye anakoka waya woonda, wa mtundu uja wa masipika, kuchokera kunyumbako kufika kumalo ake ometera, mtunda wa mamita 15. Madzulo ena ndinamupeza atakhala pabenchi, makina ometera ali m'manja, nkhope ili gwa. Kanema anali akuzima n'kuyakanso yekha, makina akulira motopa.

"Amalume, batire ili latha," anatero. "Ndayamba kale kusunga ndalama ya lina."

Ndinali ndi kachipangizo koyezera magetsi, multimeter, kamene kamakwana m'thumba la malaya. Tinalowa m'nyumba n'kugunda pamitu ya batire, zonse za kumalo ometera zili chiyakire: mavolti 12.5. Tinatuluka n'kuyeza kumapeto kwa waya, pamene amalumikizapo kanema, makina, babu ndi matchaja: mavolti 9. Tinamasula waya mmodzi n'kulowetsa kachipangizoko pakati kuti tione maampu: 5.

"Mphwanga, tawerenga wekha. Atuluka 12.5, afika 9. Enawo ali kuti?"

Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana waya amene anamukhomerera ndi timisomali pa mtengo wa mango. Kenako anaugwira mtengowo pamene panadutsa wayayo, n'kugwiranso wayayo. Anali wofunda, ngakhale dzuwa linali litalowa.

Tinalemba pansi ndi kamtengo. Mavolti 3.5 atsala panjira. Kugawa 3.5 ndi maampu 5, tipeza ma ohm 0.7, kumeneko ndiko kukana kwa waya wake, kupita ndi kubwera, chifukwa magetsi amayenda mamita 15 pa waya wofiira n'kubwereranso mamita 15 pa wakuda. Kuchulukitsa 3.5 ndi 5, tipeza mawati 17.5. Batire linkatulutsa mawati 62.5, kumalo ometera kunkafika 45. Zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene sola yake inakolola tsiku lonse zinkathera kufunditsa waya pabwalo. Batire linalibe mlandu uliwonse.

Mlimi wa kuno ku Mwanza amadziwa kuti manachesi amene wathyola m'munda si onse amakafika pamsika ku Limbe ali abwino. Ena amaphwanyika m'dengu, ena amaola podikira galimoto, ndipo mlimi wanzeru amawerengeratu zimenezi asananene mtengo. Magetsi nawo ali ndi zotayika za panjira, kungoti zake sizinunkha ndipo sizioneka, ndiye sitiziika m'chiwerengero.

Chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala yolemera n'chakuti kutayikaku sikukula pang'onopang'ono ayi. Mngelezi wina, James Joule, mwana wa wofulula mowa wa ku Salford pafupi ndi Manchester, cha m'ma 1840 ankamiza mawaya m'madzi, n'kudutsitsamo magetsi, n'kumayeza mmene madziwo akutenthera. Anapeza kuti kutenthako kumatsata maampu ochulukitsidwa ndi maampu omwewo, kenako n'kuchulukitsa ndi ma ohm. Ndiye kuti maampu akawirikiza kawiri, zotayika zimawirikiza kanayi. Pa waya wa mphwanga uja, akayatsa kanema yekha wa maampu 2, zotayika ndi mawati 2.8, zosadandaulitsa kwenikweni. Akawonjezera zina n'kufika maampu 5, zotayika zikudumphira pa 17.5. N'chifukwa chake vutoli limabisala: tsiku limene munthu wakoka waya n'kuyesa ndi babu imodzi, zonse zimayenda bwino, amisiri n'kulandira yawo n'kumapita. Vuto limadza bizinesi ikayamba kukula, nthawi imene mwini wake amayenera kusangalala.

Mankhwala ake ndi odziwika. Waya wa kopa wotalika mita imodzi, wonenepa sikweya milimita imodzi, amakana ndi ma ohm pafupifupi 0.0175. Akatalika kukana kumakula, akanenepa kumachepa. Wa mphwanga anali wa 0.75, ndipo mamita 30 ake ndi amene anatipatsa 0.7 uja. Atakoka wa 2.5 pa mtunda womwewo, kukana kukanatsika kufika 0.21, ndipo pa maampu 5 omwewo panjira pakanatsala volti imodzi ndi kachidutswa, mawati osapitirira 6. Kapena kungosendeza batire pafupi masana, madzulo n'kulilowetsa m'nyumba, ngakhale kuti kunyamula batire tsiku lililonse n'kotopetsa ndipo sola nayo iyenera kukhala pafupi nalo. Iye anasankha waya wonenepa, ndipo ndalama imene ankasungira batire inatsalako.

Pali chinanso chimene ndimachiganizira ndikakhala ndekha. Tiyerekeze mawati 60 akuyenda m'waya woonda yemweyo, mtunda womwewo, koma m'nyumba ya magetsi a ESCOM, a mavolti 230. Kugawa 60 ndi 230, maampu ake ndi 0.26 basi. Zotayika m'wayamo sizikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo makumi awiri a wati imodzi. Waya yemweyo, ntchito yomweyo, koma wa kumudzi akutaya kuwirikiza koposa 300 poyerekeza ndi wa m'tauni. Wa m'tauni atha kukoka waya wopanda nzeru kukayatsa babu kukhitchini ya panja, osazindikira kalikonse pa mayunitsi ake. Wa kumudzi, amene mphamvu yake yonse ya tsikulo ili m'bokosi limodzi lakuda, ndi amene lamulo la Ohm limamugwira pakhosi. Lamulolo silikondera munthu, koma amene ali pa mavolti ochepa ndi amene amalipira kwambiri akalakwitsa, ndipo amenewo ndi osauka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 aliwonse m'Malawi muno ndi amene ankaunikira ndi magetsi a pamapolo, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsikirapo kwambiri. Ambiri mwa otsalawo akayamba kulawa magetsi, amayambira pa mavolti 12.

Akuluakulu a magetsi nkhani imeneyi amaidziwa bwino, ndipo n'chifukwa chake nthambo zawo zimayenda pa nsanja zazitali. Mzere wolumikiza magetsi a Malawi ndi Mozambique, wochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kukafika ku Phombeya m'boma la Balaka, kudutsa m'boma lathu lino la Mwanza, ndi wa makilomita 218 ndipo anaukonza kuti uziyenda pa mavolti 400,000. Mgwirizano woyamba unali woti Malawi azigula mamegawati 50. Ukawerenga, poganizira kuti mzerewo uli ndi nthambo za magawo atatu, gawo lililonse lingonyamula maampu pafupifupi 72. Kutsidyako, magetsi a ku Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo ku South Africa, pa mavolti oposa 500,000. Popanda kukweza mavolti chonchi, mphamvu yonse ikanathera kufunditsa mawaya m'tchire.

Tsopano tenga ketulo ya magetsi ya mawati 2,000, imene m'bale wabweretsa kuchokera ku Johannesburg. Pa mavolti 230 imakoka maampu osakwana 9, ndipo kachitsulo kake kotenthetsera madzi kamakana ndi ma ohm pafupifupi 26. Wina akaiika pa inveta yolumikizidwa ku batire la mavolti 12, mawati 2,000 omwewo ayenera kutuluka m'batiremo, ndiye kuti maampu 167, osawerengera zimene inveta imadya payokha. Tiwaya tiwiri ta pakona ya chipinda tikufunsidwa kunyamula maampu oposa kawiri a nthambo ya pa nsanja ija, imene anaikonzera kunyamula magetsi a mizinda. Nthawi yoyamba imene ndinafika pa chiwerengero chimenechi ndinakhala phee, pepala lili m'manja. Chinandionetsa kuti m'nyumba zathu zofoleredwa ndi udzu muli mphamvu imene sitikuipatsa ulemu woyenera. Ayironi ya mawati 1,000 nayo imafuna maampu oposa 80. Batire lolembedwa 50Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 600 kwa ola limodzi, ndipo la mtundu wa mtovu ndi asidi silifuna kutsitsidwa kupitirira theka ngati ukufuna likhalitse. Ayironi yotere ingalimalize munthu asanathe kusita mayunifolomu a ana. Simbi ya makala ikadali ndi ntchito m'nyumba ya sola yaing'ono.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si ketulo, poti inveta zambiri zimangolira n'kuzima zikalemedwa. Ndi mfundo. Paliponse pamene waya waduka timangosenda mbali zonse, kupota ndi zala, n'kukulunga ndi kachidutswa ka jumbo. Mfundo yotere ikachita dzimbiri kapena kukhwefuka, imatha kukana ndi ma ohm 0.1, kachiwerengero kooneka ngati kopanda pake. Pa maampu 10, ndiye kuti 10 kuchulukitsa 10 kuchulukitsa 0.1, mawati 10 a kutentha, onse osonkhana pa kamalo kochepa ngati nyemba imodzi. Mawati 17.5 a mphwanga aja anali omwazikana pa mamita 30, n'chifukwa chake waya ankangofunda. Awa ali pamodzi, mkati mwa pulasitiki, mwina pansi penipeni pa udzu wa denga wouma ndi dzuwa la Okutobala. Magetsi a mavolti 12 sagwira munthu, koma amawotcha nyumba.

Ndipo mawaya awiriwo akakhudzana, mwina poti khoswe wadya chikopa chake, kukana kumatsika kufika pafupifupi ziro. Gawa mavolti 12 ndi ma ohm 0.05, upeza maampu 240, ndipo batire la galimoto limatha kuwatulutsa amenewo mosavuta, poti linapangidwira kuliza injini. Waya woonda amafiira nthawi yomweyo. Kafyuzi ka galimoto ka maampu 10 kapena 15, koikidwa pafupi ndi mutu wofiira wa batire, kamagulidwa ndi ndalama yosakwana ya sopo wa mwezi, ndipo ntchito yake ndi kufa m'malo mwa nyumba. Kakapsa, kamakhala kakunena kuti penapake pavuta. Ndimawawidwa mtima ndikaona kuti pamalo pa fyuzi wina wapotapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu. Amene wachita zimenezo si wopusa ayi. Amangofuna ana awerenge usiku umenewo, ndipo palibe anamufotokozera kuti kanthu kamene wakachotsako kanali mlonda.

Pogula waya pamafunikanso diso. Pali waya wina wofiirira kunja ngati kopa, koma ukamupala ndi mpeni mkati mwake mukutuwa, poti ndi aluminiyamu wokutidwa chabe. Aluminiyamu amakana kuposa kopa, pafupifupi kamodzi ndi theka, ndipo amathyoka msanga pa mfundo. Winanso ndi wonenepa chikopa, tingwe ta mkati tochepa zedi. Wogulitsa m'kagolosale mwina naye sadziwa, anangopikula. Njira yodziwira ndi yomwe ija: yeza mavolti kumayambiriro, yeza kumapeto zinthu zikuyaka, gawa kusiyanako ndi maampu.

Amene ali ndi kangachepe amatha kulumikiza mabatire awiri motsatizana kuti apeze mavolti 24, bola zipangizo zake zikhale za mavolti amenewo. Pamenepo maampu amatsika ndi theka, zotayika m'waya n'kutsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ena amaika inveta pafupi penipeni ndi batire, pa mawaya aafupi onenepa, kenako n'kukoka mavolti 230 kupita kutali. Nzeru imeneyi ndi yomwe ija ya pa nsanja, yangochepetsedwa kuti ikwane pakhomo. Chichokereni pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, a m'tauni ambiri nawonso anagula mabatire ndi mainveta, ndiye masamu amene ndinkawayesa a kumudzi afika mpaka ku Ndirande ndi ku Area 25.

Ndimalakalaka m'mudzi uliwonse mukanakhala mnyamata kapena mtsikana mmodzi wokhala ndi kachipangizo koyezera kaja, wodziwa kugawa ndi kuchulukitsa manambala atatuwa. Safunika kukhala injiniya. Maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA alipo kwa amene angathe kufikako, koma ngakhale mphunzitsi wa sayansi wa pasukulu yoyendera atangotenga ana a Fomu 3 masana amodzi kupita nawo kwa wometa wa pafupi, kukayeza kumayambiriro ndi kumapeto kwa waya, ana amenewo sangadzaiwale. Akafika kwawo adzayang'ana khoma la nyumba ya makolo awo ndi maso ena.

Mapolo a pulogalamu ya MAREP akupitirira kulowa m'midzi, ndipo tsiku lina adzafika m'malo ambiri a kwa Nthache amene lero kulibe. Ndikuliyembekezera tsikulo, komanso ndili nalo mantha pang'ono, chifukwa manja athu anaphunzira pa mavolti 12. Tinazolowera kupota mfundo magetsi ali chiyakire, kusenda waya ndi mano, kuyesa batire pogundanitsa mawaya kuti tione moto. Thupi la munthu nalonso lili ndi ma ohm ake. Khungu louma limakana kwambiri, koma munthu wonyowa, woponda pansi opanda nsapato, kukana kwake kumatha kutsika kufika ma ohm 1,000. Pa mavolti 12 ndiye kuti maampu 0.012, ongonyerenyetsa. Pa mavolti 230 ndi maampu 0.23, pamene maampu 0.05 okha akadutsa pachifuwa atha kusokoneza kugunda kwa mtima. Chotetezera chimene amisiri ovomerezeka amaika m'bokosi la magetsi m'nyumba chimadula pakangothawa maampu 0.03. Mphwanga ndamuuza kale kuti polo ikadzaima pafupi ndi kanyumba kake, mawaya onse a pa mtengo wa mango adzachotse, aitane mmisiri wa satifiketi, ndipo chotetezera chimenecho chidzakhale choyamba kugula, makina atsopano ometera adzabwere pambuyo.